Mabuleki a Chiutsi ndi Kapu ya Bambo

Mlongo wanga wamng'ono anthu amamutchula kuti Chiutsi, koma musaganize kuti amasuta fodya. Sasuta, samwa, ngakhale juga saidziwa. Utsi wake ndi wa matayala. Mkati mwa sabata ndi munthu wabwinobwino. Amawotcherera maekizozi a galimoto pakashedi kake kuseri kwa msika, magalasi akuda kumaso, ali phee ngati munthu wanzeru. Koma likangofika Loweruka amatenga galimoto yake n'kupita pabwalo la phula la fakitale ina yomwe inatsekedwa kalekale, n'kumakaitereretsa chammbali, matayala akumbuyo akulira ndi kufuka. Eni ake amati masewerowa ndi dirifiti. Ine ndimati ndi kuwotcha matayala mwadala, poti n'zomwe maso anga amaona.

Ine ndimagulitsa masipeya a galimoto mumzere womwewo wa mashopu. Ndakhala kuseri kwa kauntala imeneyo mpaka imvi zayamba kundituluka, ndiye ndikamakamba za mabuleki musandiyese wongomva kwa anthu. Mapadi, tizitsulo tija timapana disiki kuti galimoto iime, ndimawadziwa ngati zala zangazi. Chimene chandikanika kuchidziwa mpaka lero ndi mitu ya amuna awiri a kwathu.

Bambo athu anali dalaivala wa basi moyo wawo wonse. Kudepoti ankawatcha a Kapu, chifukwa ankaika kapu yachitsulo yodzaza tiyi padashibodi n'kuyenda nayo mpaka pasiteji ina osatayako ngakhale dontho. Ankakonda kunena kuti kuthamangitsa galimoto si luso, ngakhale thumba la simenti ungaliike papedulo liithamangitsa. Iwo dalaivala ankamuonera poima. Basi yawo inkaima wokwera osadziwa kuti yaima. Amayi ena ankachita kudzutsidwa kuti atsike.

Chiutsi atangokula, bambo anabwereka kagalimoto ka mnzawo kuti akamuphunzitse pabwalo lina lafumbi. Anaika kapu ya madzi padashibodi monga mwa chizolowezi chawo. Mwanayo anazungulira bwinobwino, madzi osagwedezeka n'komwe, moti bambo anayamba kumwetulira. Kenaka kaya chinamulowa n'chiyani, anangokoka handibuleki. Galimoto inazungulira ngati nguli, madzi onse khuthu pathalauza la bambo. Iye akuseka, akuyesa kuti nawonso aseka. Bambo anatsika, n'kutola kapu yawo, n'kunena mawu awiri atatu okha: "Sindidzakweranso galimoto yoyendetsa iwe." Anabwerera kunyumba wapansi.

Tonse tinkati zitha pofika madzulo. Ha! Bambo simukuwadziwa inu. Zaka zinapita, Chiutsi anapeza laisensi, anagula galimoto yakeyake, bambo osakwera. Ngakhale tsiku lomwe tinkaika maliro a mayi, bambo analolera kukwera kumbuyo kwa lole, fumbi likuwathira, galimoto ya mwana wawo ikutsatira pambuyo ili ndi malo.

Chiutsi amanamizira ngati sizimukhudza, koma ine ndinamulera, sangandipusitse. Anzake onse a kubwalo kuja anazula mipando yakumbuyo kuti galimoto zipepuke. Iye yekha ndiye sanazule. Amaupukuta mpando umenewo, amauphimba ndi nsalu, ndipo mukamufunsa amati ndi wonyamulirapo zitsulo. Chitsulo sindinachionepo pampando umenewo. Akudikira munthu mmodzi basi, ndipo tonse tikumudziwa.

Mpata unabwera ndi matenda. Diso lakumanzere la bambo linafa kale, ndi lomwe linawachotsetsa ntchito. Ndiye lakumanja nalo linachita ng'ala, mpaka anayamba kuthira shuga pambali pa kapu. Adokotala anatipatsa tsiku la opaleshoni n'kutiuza kuti tikafike mmamawa. Miyendo ya bambo imatupa, za kusinthasintha maminibasi sakanazitha. Ndinapita kukakhala nawo pakhonde n'kuwauza mosapita m'mbali.

"Bambo, Lachiwiri mukwera ya Chiutsi."

"Ndiyenda wapansi."

"Muyenda bwanji msewu simukuuona? Mukufuna mundiphe ndi mtima ine?"

Tinakokanakokana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Chabwino. Koma kapu ndinyamula."

Nditamuuza Chiutsi, anazimitsa makina owotcherera n'kukhala pansi pa chitayala. Ankangoseka yekhayekha. Sabata imeneyo galimoto inasambitsidwa kuposa mwini wake. Anamatula zomata zonse za pagalasi, anachapa nsalu ya pampando uja, analowetsa kachitsulo mu ekizozi kuti phokoso lichepe. Ndinasangalala, ndinati mwana wakula. Kenaka anatulukira kushopu kwanga, maso akuwala, ndipo ndinadziwiratu kuti kukubwera zopusa.

"Asisi, mundiitanitsire mapadi a mpikisano."

"A chiyani?"

"Ndikufuna bambo aone kuti galimoto yanga imaima. Ndikangoti gwa, izichita ngati aikhomera misomali."

Mapadi omwe anali nawo ndinamugulitsa ndine, wamba awa amene aliyense amayendera. Amagwira ukangotuluka pageti, ngakhale kuzizire bwanji. Vuto lake ndi kutentha. Loweruka akazungulira kangapo pabwalo paja amapsa, amanunkha ngati mphika wopserera, uponde usaponde galimoto imangopita. Chiutsi wakhala akulira nawo zaka zonsezi, ndipo kwa iye ndi anzakewo buleki yabwino ndi yomwe sifooka ikatentha, basi. Za buleki yozizira saziganizira n'komwe, chifukwa m'moyo wawo sanayambe ayendetsapo galimoto mpaka buleki n'kukhalabe yozizira.

Ndinamufotokozera ngati mwana wa sukulu. Ndinati iwe, mapadi a mpikisano amafuna moto. Asanatenthe amangotsetsereka padisiki uku akulira, sagwira. Amene amawagwiritsa ntchito amayamba awatenthetsa kaye. Iwe ukunyamula nkhalamba mmamawa, kukuzizira, upita pang'onopang'ono, atentha nthawi yanji? Ndinatsitsanso bokosi lina pashelefu, mapadi apakatikati, oti mumsewu amagwira komanso kubwalo amapirira pang'ono. Ndinati ngati manja akukuyabwa, tenga awa, koma uike bambo akabwerako kuchipatala. Panopa usakhudze kanthu.

Analitembenuza bokosilo n'kulibweza pakauntala. "Awa ndi a anthu amantha, asisi."

"Ndiye tuluka mushopu mwanga. Sindikuitanitsira."

Anatuluka akuimba mluzu. Ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Kumeneko ndiye kusamudziwa mlongo wako. Anapita kwa mnzake wina wa kubwalo yemwe anali nawo mapadi amenewo, anamuwotcherera ekizozi, n'kusinthana. Anawaika Lolemba dzuwa lisanalowe, ine osandiuza. Ndipo musati sanawayese, anawayesa ndithu. Anapita kumsewu wa kuseri kwa fakitale n'kukathamanga monga amathamangira masiku onse, kuponda, kuthamanga, kuponda. Mapadi anatentha n'kugwira ngati galu wolusa. Anabwerera kunyumba mtima uli mbee.

Lachiwiri kunacha ndi nkhungu, phula lili nyowe. Bambo anatuluka atavala jekete lawo la kudepoti ndi thalauza lotuwa lomwe ndinawasitira, kapu yachitsulo ija ili m'manja. Anaima pafupi ndi galimoto nthawi ndithu. Chiutsi anawatsegulira chitseko chakumbuyo. Bambo anakhala pampando uja, n'kundiuza kuti ndithire madzi m'kapu. Poti dashibodi sankaiona, anaika kapuyo pabondo n'kuigwira ndi zala ziwiri.

"Tiyeni," anatero.

Abale inu, sindinaonepo Chiutsi akuyendetsa chonchija. Galimoto inanyamuka ngati yanyamula mazira. Anazemba maenje onse a mumsewu wathu, anakwera hampu ine osamva. Ndinayamba kuthokoza Mulungu chamumtima. Kenaka tinafika pomwe msewu wathu umalowa mumsewu waukulu, anaponda buleki, ndipo kunamveka kulira ngati geti la dzimbiri. Tsiiii! Galimoto inaima, koma inaima mochedwa, mphuno italowa kale mumsewu.

Ndinamuyang'ana. Iye maso ali patsogolo, thukuta lili kamukamu pamphumi kukuzizira chonchija. Kulira kumeneko ndimakudziwa ine. Ndinafuna kumukutumula khofi pomwepo, koma bambo anali kumbuyo.

"Chikulira n'chiyani?" anafunsa bambo.

"Ndi mapadi atsopano, bambo."

"Mmm."

Apa ndiye panavuta. Chiutsi anachita manyazi ndi kulirako, ndiye anayamba kuipewa buleki. Ankachepetsa liwiro ndi magiya, akaona maloboti patali ankangochotsa phazi kuti galimoto ifooke yokha. Ankayesa kuti akukonza zinthu, chonsecho ankaziwonjezera. Mapadi aja amafuna kupondedwa kuti atenthe, iye sakuwaponda. Mmene iye ankachitira ulemu, m'pamene mapadiwo ankazizirira. Ndinamunong'oneza kuti, "Iwe, aponde atenthe." Anapukusa mutu, n'kuloza kumbuyo ndi maso. Akaponda mwamphamvu madzi atayika, akaleka mabuleki sagwira. Ine ndinangogwira lamba wa pampando n'kumakukuta mano.

Komabe tinayenda. Tinadutsa msika, tinadutsa pa maloboti onse, kapu idakali yodzaza. Chipatala chinayamba kuoneka, ndipo ndinaona mapewa a Chiutsi akutsika. Koma geti la chipatala chimenecho lili kumunsi kwa kachitunda, ndipo pali chimtengo chachitsulo chomwe mlonda amakweza ndi kutsitsa. Galimoto yomwe inali patsogolo pathu italowa, mlonda anatsitsa chimtengocho n'kuima pakati pa msewu kuti atifunse komwe tikupita. Chiutsi anaponda mwaulemu. Tsiiii! Galimoto ikupitabe. Anawonjezera. Ikupitabe. Mlonda anatong'ola maso. Ndipo dzanja la Chiutsi linapita lokha komwe linazolowera, pa chindodo chake cha handibuleki, chotalika ngati mpini wa khasu.

Matayala akumbuyo anamanga, phula lonyowa lija, galimoto inapotoloka n'kuima chopingasa pageti penipeni. Sitinagunde munthu, ngakhale chimtengocho sitinachikhudze. Koma kautsi kanafuka, ndipo madzi onse anali pathalauza la bambo. Ngati izo sizinakwane, ogulitsa nthochi a pagetipo anamuzindikira. Anayamba kuimba m'manja. "Chiutsi! Chiutsi! Bwerezanso!"

Bambo anafufuza chotsegulira chitseko, anatsika okha, n'kuima mumsewu akupapasa mpweya kufuna dzanja langa. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Ndinanena ine."

Ine ndiye ndinakalipa. Ndinasuzumira pawindo n'kumuthira mawu anthu onse akumva. "Mutu wakowo uli ndi chiyani, dzimbiri? Ndinakuuza kapena sindinakuuze? Zaka zonsezi ukudikira tsiku limodzi, lafika, iwe n'kuliponda ndi mapazi ako omwe!" Anangogwira chiwongolero ndi manja awiri, atazyolika.

Chomwe chinandiwawa kwambiri chinali m'chipinda chodikirira. Bambo anakhala pabenchi thalauza lotuwa lija litanyowa kuyambira pachiuno mpaka m'mawondo. Anthu ankayang'ana n'kutembenuka mwaulemu, mayi wina mpaka anasendera kumapeto kwa benchi. Mukudziwa zomwe anthu amaganiza akaona nkhalamba itanyowa pamenepo. Ndinayankhula mokweza kuti, "Madzi a m'kapu aja sanaumebe, bambo?" Iwo anandigwira mkono n'kunena chapansipansi kuti, "Khala chete, ukuwonjezera." Munthu yemwe moyo wake wonse sanatulukepo m'nyumba kolala itapindika. Misozi inalengeza m'maso mwanga, koma inali ya ukali.

Nesi atabwera kudzawatenga, bambo anatembenukira komwe kunali mawu anga. "Pobwerera undipezere takisi. Uyo ndisamumve ngakhale kutsokomola."

Nthawi ya opaleshoni ndinatuluka kuti ndikapume mpweya. Kumapeto kwa malo oimikapo magalimoto, pansi pa mtengo, ndinaona galimoto ija ili pa jeki, tayala lakutsogolo lili pansi. Chiutsi anali atagwada, malaya oyera omwe anavalira bambo atada bii. Mlonda uja anaima pambali pake akumuuza kuti pano si pagalaja, iye osamumva. Mapadi akale aja anali atawakulunga m'nyuzipepala m'buti, ndipo ndi omwe ankabwezeretsa. Ndinafika nditakonzeka kupitiriza pomwe ndinasiyira, koma nditaona nkhope yake mawu anandithera.

"Dzulo ndinawayesa, asisi," anatero osadzutsa mutu. "Ankagwira. Ndikulumbira ankagwira."

"Unawayesa ukuthamanga ngati wamisala. Lero wayendetsa ngati munthu."

Anamanga bawuti n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka girisi patsaya. "Ndinkangofuna aone kuti imaima."

"Ati upite. Akufuna takisi."

"Ndamva." Koma sanapite. Anatsitsa jeki, anazungulira ndi galimotoyo kunja kwa mpanda kuti amve ngati zonse zili m'malo, n'kubwerera pansi pa mtengo womwe uja.

Bambo anawatulutsa masana, diso lakumanja lili ndi bandeji. Poti linalo ndi lakufa, anali mumdima weniweni. Ndinawakhazika pabenchi ya pakhomo n'kutulutsa foni kuti ndiitane takisi. Nambala ndinali nayo, musati ndinalibe. Koma ndinayang'ana kumtengo kuja, n'kumuona Chiutsi atatsamira galimoto ngati mwana wothamangitsidwa m'kalasi, ndipo ndinaibweza foniyo m'chikwama. Ndinamukodola ndi dzanja, n'kuika chala pamilomo. Anabwera nayo pang'onopang'ono mpaka pamasitepe.

"Takisi yafika, bambo."

Ndinanama, ndipo sindipepesa kwa wina aliyense. Ndinawatsitsa masitepe n'kuwalowetsa kumbuyo. Anakhala, anapapasa nsalu ya pampando, anapapasa chitseko. Injini inkalira chapansipansi, kulira kuja komwe ngakhale agalu a mumsewu wathu amakudziwa. Ndinati basi, atsika.

"Thira madzi m'kapumu," anatero.

"Bambo, mwangotuluka kumene ku opaleshoni. Asiyeni a takisi agwire ntchito yawo."

"Dalaivala aliyense ndimamuyesa ine. Thira."

Ndinathira mpaka kukamwa. Anaiika pabondo.

Tinanyamuka. Msewu unali utadzaza tsopano, maminibasi akulowerera paliponse, njinga zamoto zikudutsa ngati ntchentche. Pa maloboti oyamba Chiutsi anaponda buleki, ndipo sikunamveke kanthu. Galimoto inangofooka n'kuima, ndipo chakumapeto anapepukitsa phazi pang'ono kuti isagwedeze mutu, ndendende momwe bambo ankachitira ndi basi. Sindinkadziwa kuti amazitha zimenezo. Pafupi ndi msika munthu wa wilibala anangotulukira pakati pa magalimoto. Ndinatseka maso. Nditatsegula tinali titaima, wa wilibala akudutsa, madzi ali phee m'kapu.

"Adalaivala," anatero bambo, "munaphunzira kuti ntchitoyi?"

Chiutsi anandiyang'ana. Ndinalumphira msangamsanga. "Ali ndi chimfine, bambo, mawu sakutuluka."

"Palibe kanthu. Dalaivala wolongolola sindimufunanso." Kenaka anapitiriza. "Phazi lanu ndi labwino. Masiku ano osowa anthu otere. Ine ndili ndi mwana wamwamuna, nayenso amati ndi dalaivala. Manja ali nawo, zimenezo ndinaziona tsiku loyamba lomwe anagwira chiwongolero. Ndinaphunzitsa anthu ambiri kudepoti, panalibe wofanana naye. Koma mutu, adalaivala, mutu. Amafuna anthu aziimba m'manja. Sadziwa kuti wakhala kumbuyoyo wakupatsa moyo wake kuti umusungire."

Ndinayang'ana kumbali. Misozi inkatsika patsaya la Chiutsi n'kumadutsa pa girisi uja, koma manja sanachoke pachiwongolero, ngakhale kufwenthera sanayerekeze. Ine ndinkangofuna kukuwa kuti, inu anthu awiri inu, mukuseweretsa ndani? Zaka zonsezi mawu amenewa munali nawo, bambo, n'kumawasungira munthu wa takisi?

Tinafika pakhomo. Galimoto inaima ine osadziwa kuti yaima. Bambo anakhudza thalauza lawo, louma. Anakweza kapu ija n'kumwa madzi onse mpaka pansi. Ndinawatsegulira chitseko, anatulutsa mwendo umodzi, kenaka anaima kaye.

"Lachisanu akuti ndipitenso akandione. Undiitanire omwewa."

"Chabwino, bambo."

"Ndipo inu adalaivala, mapadi mwabwezerawa akhale pomwepo."

Atatero anandipatsa dzanja, tinalowa m'nyumba. Kunja galimoto inakhala nthawi yaitali isananyamuke.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo zinatha bwino. Kwathu kulibe zimenezo. Bandeji anachotsa, diso linapenya, lero bambo amawerenga nyuzipepala ngakhale tizilembo ting'onoting'ono ta pansi. Koma akafuna kupita kuchipatala kapena kukaona anzawo akale a kudepoti, amandiimbira ine kushopu. "Aimbire a takisi aja." Ine ndimasiya makasitomala, n'kuyenda kupita kuseri kwa msika, n'kukamuuza mlongo wanga kuti bwana wako akukufuna. Iye amazimitsa makina, amasamba m'manja, amapita. Bambo amakhala kumbuyo, kapu pabondo, maso pawindo, n'kumamutchula kuti adalaivala. Tsiku lomwelo madzulo Chiutsi akabwera kudzawaona ngati mwana wawo, amamuuza pamaso kuti galimoto ya wamisala iwo sadzakweranso. Iye amangoti, "Chabwino, bambo." Amuna awiri akuluakulu, wina wa imvi, wina wa ndevu, ine n'kumakhala mtenga wawo!

Kubwalo nakonso zinamuthera. Mapadi wamba aja akatentha amafooka monga kale, ndiye Loweruka amazungulira pang'ono n'kutuluka anzake akadali mkati, ena n'kumamuseka kuti Chiutsi wasanduka kautsi. Ndamuuza kambirimbiri kuti kusintha mapadi si ntchito yoti n'kudandaula nayo. Ika ena Loweruka mmawa, madzulo ubwezere, ndani angadziwe? Kapena tenga apakatikati aja, bokosi lidakali pashelefu. Amangopukusa mutu. "Anati akhale pomwepo." Pomwe ndinkafuna kuti amve sanamve, lero wayamba kumva mopitirira. A mpikisano aja anabwera nawo kushopu kuti ndimugulitsire. Palibe wawafunsa, ndiye ndimatsekereza nawo chitseko kuti mphepo isamachimenyetse.

Sabata yatha ndinapita nawo limodzi kuchipatala kukatenga mankhwala a m'maso. Pobwerera bambo anatsika okha, poti tsopano safunanso dzanja la munthu, n'kuyamba kulowera kukhonde. Ndinasuzumira kumbuyo n'kuona kapu yachitsulo ija ili pampando, yopindika m'mbali, yomwe anayenda nayo zaka zonse za kudepoti.

"Bambo, mwaiwala kapu!"

Sanacheuke. "Sindinaiwale."

Analowa n'kutseka chitseko. Ndinapsa mtima, ndinafuna kuwalondola ndikawafunse ngati mawu akuti mwana wanga amawotcha pakamwa. Koma nditacheuka ndinapeza Chiutsi watambasula kale dzanja n'kuitenga kapuyo. Anaipukuta ndi malaya ake, anaiika padashibodi, n'kundifunsa ngati madzi atsalamo m'botolo langa.